Chatbot m'foni ya mwana wa sukulu: imaphunzitsa liti, imabweza mwana m'mbuyo liti?

Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inaika chatbot yake, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu yotchedwa Meta AI, mu WhatsApp kwa anthu a m'maiko angapo, ndipo Zambia inali m'gululo pamodzi ndi Malawi, Zimbabwe, Uganda, Ghana, Nigeria ndi South Africa. Kuyambira pamenepo nkhani ya nzeru zochita kupanga za makompyuta, zimene ambiri amangoti AI, inasiya kukhala ya anthu a malaputopu a ku Kabulonga okha. Mwana wa sekondale wa ku Kanyama amene wabwereka foni ya amayi ake madzulo safunikanso kutsitsa pulogalamu ina iliyonse. Kachizindikiro kake kali pompo, pafupi ndi mauthenga a gulu la kumpingo ndi la chilimba. Akangolemba funso la homuweki, yankho limafika nsima isanapse.

Makolo ndi aphunzitsi amene ndimacheza nawo agawikana pawiri. Ena akuti chinthuchi chabwera kudzapha nzeru za ana, chiletsedwe basi. Ena akuti ndi mphunzitsi waulere wosatopa, ndipo mwana wa m'komboni tsopano wafanana ndi wa kumayadi. Zimene ofufuza apeza mpaka pano zikusonyeza kuti chatbot imodzimodziyo ingathe kukweza mwana, ingathenso kumubweza m'mbuyo, ndipo chimene chimasiyanitsa n'chakuti ntchito yoganiza waigwira ndani, mwanayo kapena makinawo. Kuti izi zimveke, tiyambe taona mmene chinthuchi chimapangira mayankho ake.

Ndikanena kuti "Mutu umodzi susenza", aliyense amene anakulira m'chinenero chathu amalizitsa yekha kuti "denga". Sanayambe waganizira za mitengo ndi udzu ayi, wangomva mawuwo akutsatizana kambirimbiri mpaka anakhazikika. Chatbot imagwira ntchito chimodzimodzi, koma pamlingo waukulu kwambiri. Opanga ake amasonkhanitsa zolemba zosawerengeka, mabuku, manyuzipepala, masamba a pa intaneti, mapulogalamu a kompyuta, n'kuzipereka kwa makinawo. Ntchito imene amawapatsa ndi imodzi yokha: amabisa kachidutswa kotsatira ka chiganizo kuti makinawo alosere. Akaphonya, manambala a m'kati mwake amasinthidwa pang'ono kuti ulendo wina asaphonyenso chimodzimodzi. Zimenezi zimabwerezedwa maulendo osawerengeka. GPT-3, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2020, inali ndi manambala osinthika otere okwana 175 biliyoni. Kamangidwe ka makinawa, kotchedwa transformer, kanachokera kwa ofufuza a ku Google mu 2017, ndipo mphamvu yake ili poti polosera liwu lotsatira amayang'ana mawu onse amene apita n'kupima kuti ofunika kwambiri ndi ati. Pambuyo pake anthu olembedwa ntchito amaonetsedwa mayankho angapo a funso limodzi n'kusankha abwino, ndipo potero makinawo amaphunzira kuyankha mwaulemu, mwadongosolo, mooneka kuti akuthandiza. ChatGPT, imene inatsegulidwa kwa anthu onse pa 30 Novembala 2022, inapangidwa mwa njira imeneyi, ndipo Gemini, Copilot, Claude ndi Meta AI onse ndi a m'banja lomwelo.

Mukamvetsa zimenezi, zina zonse zimatsatira. M'kati mwa chatbot mulibe buku la mayankho olondola loti izitsegula. Pa nkhani zimene zalembedwa kambirimbiri, monga mmene zomera zimapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa kapena lamulo la Pythagoras, mawu amene amakonda kutsatizana amakhalanso oona, motero yankho limatuluka labwino, nthawi zina lomveka bwino kuposa buku la m'kalasi. Koma ifunseni za mbiri ya mafumu a Asoli, eni dera lino la Lusaka, kapena tsatanetsatane wa mwambo wa Chakwela Makumbi wa ku Chongwe, nkhani zimene zalembedwa pang'ono. Idzayankhabe, ndi ziganizo zosalala, maina ndi zaka zili m'malo mwake, ndipo zina mwa izo zingakhale zongopeka. Choopsa n'chakuti kalankhulidwe kake sikasintha. Munthu akamakayika amachita chibwibwi, amakanda m'mutu, amati "ndikuganiza kuti". Makinawa amanena bodza ndi mtima wokhazikika womwewo umene amanenera zoona. Machatbot atsopano amatha kufufuza pa intaneti asanayankhe, ndipo izi zachepetsa vutoli, koma silinathe.

Vutoli lagwetsa ngakhale akuluakulu ophunzira. Mu 2023 khoti lina la ku New York linalipiritsa maloya awiri ndi kampani yawo madola 5,000 chifukwa anapereka kwa woweruza milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, maina ake ndi zigamulo zake zomwe. Wophunzira wa payunivesite amene akulemba asayimenti usiku wa tsiku lomaliza ali pangozi yomweyo. Akapempha mabuku oti atchule kumapeto kwa pepala lake, angapatsidwe dzina la wolemba amene alikodi, mutu wa buku womveka bwino, chaka ndi tsamba, koma bukulo kulibe, ku laibulale ya University of Zambia ku Great East Road kapena kwina kulikonse padziko.

Palinso chibadwa chathu anthufe. Mu 1966, chaka chimene University of Zambia inatsegulidwa, Joseph Weizenbaum wa pa yunivesite ya MIT ku America anapanga kapulogalamu kotchedwa ELIZA. Sikankadziwa chilichonse, kankangotembenuza mawu a munthu n'kuwabweza ngati funso. Komabe anthu anayamba kukaululira za kumtima kwawo, ndipo Weizenbaum mwini wake anadabwa n'kuda nkhawa. Chinthu chikamalankhula mwadongosolo, mtima wathu umafulumira kukhulupirira kuti chikumvetsa. Ngati zinali choncho ndi kapulogalamu kosalira zambiri ka 1966, nanga mwana wa zaka 14 amene akulankhula ndi makina a lero?

Tsono n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo akuikabe chiyembekezo pa chinthu chotere? Yankho lili m'makalasi athu. Mu Januwale 2022 boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linachotsa fizi m'sukulu za boma kuyambira kumkaka mpaka Giredi 12, ndipo ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera kusukulu. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496, chiwerengero chachikulu kwambiri, koma aliyense amene walowapo m'kalasi ya ku Chawama, ku Matero kapena ku Mtendere akudziwa kuti ana ndi ochuluka kuposa madesiki. Mphunzitsi wa masamu ali ndi mphindi 40 kapena 80, makalasi angapo, ndi mulu wa makope oti achonge. Mwana amene sanamve pamene aphunzitsi anafotokoza koyamba sakweza dzanja, amaopa kusekedwa, ndipo mawa mutu wina wayamba. Amene makolo ake ali ndi ndalama amapita kutyushoni. Amene alibe amangonyamula kusamvetsako kupita nako giredi yotsatira.

Mu 1984 katswiri wa zamaphunziro Benjamin Bloom wa ku University of Chicago analemba kuti ana amene ankaphunzitsidwa payekhapayekha, osapita mutu wina asanamvetse woyamba, ankakhoza kuposa ana 98 mwa 100 alionse a m'kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pake apeza kuti phindulo si lalikulu chotero nthawi zonse, koma palibe amene amatsutsa kuti mphunzitsi wa mwana mmodzi amathandiza kwambiri. Vuto lakhala la ndalama: palibe dziko limene lingalembe mphunzitsi mmodzi pa mwana aliyense. Chatbot ndi chinthu choyamba chimene chikuoneka ngati chingayandikire pamenepo. Siikalipa, siiseka mwana, ingafotokoze chinthu chimodzi kasanu m'njira zisanu, ndipo imapezeka ngakhale pakati pa usiku. Mwana wamanyazi angaifunse funso limene wakhala akulibisa chaka chonse. Zimenezi sindizichepetsa ngakhale pang'ono.

Koma taonani zimene zinachitika pamene anthu anaziyesa mwadongosolo. Ofufuza a ku University of Pennsylvania anachita kafukufuku pasukulu ina ya sekondale ku Turkey, ndi ana pafupifupi 1,000, pa phunziro la masamu. Ana anagawidwa patatu. Gulu loyamba linkachita masamu oyeserera ndi mabuku okha. Lachiwiri linapatsidwa GPT-4 wamba, makina a OpenAI otsatira GPT-3, wofanana ndi ChatGPT amene aliyense amatsegula pafoni. Lachitatu linapatsidwa GPT-4 yemweyo koma wokonzedwa mothandizana ndi aphunzitsi kuti asapereke yankho, azingopereka chithandizo cha sitepe imodzi n'kumusiya mwana apitirize. Pa nthawi yoyeserera, gulu lachiwiri linakhoza bwino ndi 48 peresenti kuposa la mabuku okha, ndipo lachitatu ndi 127 peresenti. Kenako makina anachotsedwa, ana analemba mayeso ndi mitu yawo. Gulu limene linali ndi GPT-4 wamba linatsika ndi 17 peresenti poyerekeza ndi ana amene sanakhudze makina n'komwe. Gulu la GPT-4 wokonzedwa silinatsike chotero, koma silinaposenso anzawo a mabuku okha mooneka. Ofufuzawo ataona zimene ana ankalemba, anapeza kuti ambiri a gulu lachiwiri ankangopempha yankho n'kukopera. Ndipo anawo sankaona kuti aphunzira zochepa.

Mfundo yomalizayi ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imabisa vuto kwa aliyense. Homuweki ikubwera yokhoza, aphunzitsi akuchonga ndi kuyamikira, makolo akusangalala, mwanayo payekha akukhulupirira kuti wamvetsa chifukwa pamene ankawerenga yankho zonse zimamveka. Zoona zimadzaululika m'chipinda cha mayeso a Examinations Council of Zambia (ECZ), mmene foni siilowa, nthawi yokonza zinthu itapita kale.

Ndinaziona ndekha pakhomo pa mlongo wanga ku Chawama, mwana wake wamkazi ali mu Giredi 9. Funso linali lakuti sitolo yachotsera 20 peresenti pa mtengo wa thumba la ufa, ndipo tsopano likugulidwa K240. Mtengo woyamba unali ndalama zingati? Ndisanamalize kuwerenga funsolo anali atandionetsa kale foni.

"Amalume, yatuluka kale, ndi K300."

"Wakhoza, mwana wanga. Nanga 300 ameneyu wachokera kuti?"

Anayang'ana pafoni, n'kuwerenga mizere yonse imene makina analemba, mosaphonya. Ndinamupempha kuti aike foni chafufumimba, n'kumupatsa lina: achotsera 10 peresenti, mtengo watsopano ndi K360. Anawerengera pakona pa kope, anapeza 10 peresenti ya 360, n'kuwonjezera, n'kunena kuti K396. Limeneli ndi phonyo limene ana ambiri amachita, kutenga peresenti pa mtengo watsopano m'malo mwa wakale, ndipo yankho lokonzeka limene anawerenga mphindi ziwiri zapitazo silinalikhudze n'komwe. Tinatsegulanso chatbot yomweyo, koma tinayamba taiuza kuti iye ndi mwana wa Giredi 9, isamupatse yankho, izimufunsa funso limodzi n'kudikira. Inamufunsa kuti ngati mtengo woyamba ndi 100 peresenti, mtengo watsopano ndi maperesenti angati. Anakhala chete kanthawi, akuluma cholembera, kenako anati 90. Inamufunsa kuti ngati 90 peresenti ndi K360, 10 peresenti ndi zingati. Anagawa, anapeza 40, ndipo asanafunsidwenso anafuula yekha kuti, "Ndiye ndi K400!" Foni inali yomweyo, bandulo yomweyo, mwana yemweyo.

Kuvutika kumene mwana amakhala nako akakhala chete akuluma cholembera ndiye kuphunzirako. Akatswiri a mmene ubongo umasungira zinthu anasonyeza kalekale kuti chimene munthu wachikumbukira yekha movutikira chimakhazikika kuposa chimene wangochiwerenganso. Chatbot wamba inapangidwa kuti ichotse kuvutika kumeneko, chifukwa kwa munthu wa muofesi amene akufuna kalata mwamsanga kuvutikako n'kutaya nthawi. Kwa mwana wa sukulu si choncho. Nkhani imene aphunzitsi a Chingerezi amapereka kuti ana alembe sikuti akusowa nkhani zowerenga. Akufuna kuti mwana aphunzire kusanja maganizo ake. Makina akalemba nkhaniyo, pepala limadzaza koma cholinga chonse chatayika.

Chitsanzo cholimbikitsa chili pafupi ndi kwathu. Mu Juni ndi Julayi 2024, ku Benin City m'chigawo cha Edo ku Nigeria, World Bank inathandiza pulogalamu ya milungu 6 imene ana pafupifupi 800 a sekondale ankatsalira akaweruka n'kuphunzira Chingerezi pogwiritsa ntchito Microsoft Copilot. Anawo anakhoza bwino kuposa anzawo amene sanalowe nawo, ndipo phindulo linaonekanso pa mayeso a kumapeto kwa chaka. Koma anthu akamafalitsa nkhaniyi amakonda kusiya mbali yofunika. Ana sanangopatsidwa makina n'kusiyidwa. Aphunzitsi anali m'chipindamo, anaphunzitsidwa kaye, mafunso oyambira anakonzedwa mogwirizana ndi silabasi, ana ankakhala awiriawiri n'kumakambirana, ndipo ankachenjezedwa kuti makina amanama. Chimene chinapambana ku Edo ndi mphunzitsi ndi makina pamodzi.

Tsopano tifike pa zimene zili zathu zenizeni. Kuti mwana apindule ndi chatbot ayenera kutha kuwerenga ndime yaitali, kuimvetsa, ndi kuzindikira pamene china chake sichikumveka. Zotsatira za kafukufuku woyesa ana a sukulu a m'maiko osiyanasiyana wotchedwa PISA for Development zimene zinatuluka mu 2018 zinasonyeza kuti mwa ana a sukulu a zaka 15 a ku Zambia, 5 peresenti yokha ndi imene inafika pa mlingo wochepetsetsa woyenera pa kuwerenga, ndipo pa masamu inali 2 peresenti. Manambala amenewa ndi owawa, ndipo aliyense wokamba za AI m'sukulu zathu ayenera kuyamba nawo. Mwana amene amawerenga movutikira sangatsutse makina. Sangaone kuti yankho lapotoka. Chimene angathe ndi kukopera. Mnzake amene anakulira m'nyumba ya mabuku angaifunse chatbot mafunso akuya, kuitsutsa, kuiuza kuti ibwereze mwa njira ina. Motero chida chimene tikuyembekeza kuti chifananitse ana chingathe kukulitsa mpata pakati pawo, ngakhale onse atakhala ndi mafoni ofanana. Ndalama zophunzitsira ana a Giredi 1 mpaka 3 kuwerenga zisasunthidwe kupita ku zida zonyezimira. Popanda maziko amenewo zidazo zilibe pogwira.

Nkhani ya chinenero ikulowa pomwepa. Mu 2014 sukulu za boma zinayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, ndipo ku Lusaka chinali Chinyanja. Chifukwa chake chinali chodziwika: mwana amamvetsa msanga chinthu chatsopano chikafotokozedwa m'chinenero chimene amaganiziramo. Mphunzitsi wabwino wa ku Kalingalinga amachita zimenezi tsiku lililonse, amanena mfundo m'Chingerezi, akaona nkhope zachita mdima amaibwereza m'Chinyanja, ndipo mitu imayamba kugwedera. Chatbot imalephera pamenepa. Popeza imaphunzira kuchokera ku zolemba, mphamvu yake m'chinenero chilichonse imadalira kuchuluka kwa zimene zinalembedwa m'chinenerocho. Chingerezi chadzaza intaneti, pamene zolembedwa m'chinenero chathu n'zochepa, ndipo gawo lalikulu ndi mabuku a zachipembedzo ndi nkhani za ku Malawi. Google Translate inaika Chichewa mu 2014, ndipo machatbot akuluakulu amatha kuchilemba, koma kawirikawiri chimatuluka chouma, mawu athu atavala kamangidwe ka Chingerezi, ndipo zolakwa zimachuluka nkhani ikakhala ya sayansi. Kuwonjezera apo, mwana wobadwira mu Lusaka salankhula Chichewa cha m'buku. Amalankhula Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, chimene chimamveka m'minibasi ndi ku Soweto Market koma sichinalembedwe kwambiri. Amati "nifuna", "niliko bwino", ndipo makina akamuyankha m'Chichewa chakuya nayenso amasochera. Gulu la ofufuza a mu Africa lotchedwa Masakhane lakhala likusonkhanitsa zolemba za zinenero zathu kuti vutoli lichepe, ndipo ntchito yotereyi ikufunika manja a aphunzitsi a Chinyanja, olemba nkhani ndi ophunzira a zinenero a m'mayunivesite athu.

Za magetsi ndi mabandulo sindichulukitsa, tonse timazidziwa. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinaphwetsa madzi ku Kariba mpaka m'miyezi ina magetsi ankayaka maola ochepa okha patsiku. Intaneti ya setilaiti ya Starlink inafika mu Okutobala 2023, koma mtengo wake si wa banja la m'komboni. Pulani iliyonse yodalira kuti mwana aliyense akhala pa intaneti madzulo aliwonse sinalembedwere Lusaka amene tikukhalamoyu.

Aphunzitsi ambiri amafunsa kuti angagwire bwanji mwana amene walembetsa makina. Pali mapulogalamu amene amati amazindikira zolemba za AI, ndipo ndikupempha aphunzitsi ndi malekichara kuti asawadalire poweruza mwana. OpenAI yeniyeniyo inatulutsa pulogalamu yotere mu Januwale 2023 n'kuichotsa mu Julayi chaka chomwecho chifukwa inkaphonya kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku Stanford University anayesa mapulogalamu 7 otere pa nkhani zolembedwa ndi anthu enieni amene Chingerezi si chinenero chawo chobadwa nacho, ndipo nkhani zoposa theka zinanenedwa molakwa kuti ndi za makina. Chifukwa chake n'chakuti munthu wophunzira Chingerezi kusukulu amagwiritsa ntchito mawu odziwika ndi ziganizo zosavuta kulosera, zimene mapulogalamuwo amaziona ngati chizindikiro cha makina. Ana athu onse ali m'gulu limenelo. Kumulanda malikisi mwana amene anakhala usiku ndi kandulo akulemba yekha, chifukwa pulogalamu yanena, ndi chisalungamo chimene mwanayo sadzaiwala.

Kuletsa kokha nakonso sikugwira. Sukulu za boma za ku New York zinatseka ChatGPT pa makompyuta awo mu Januwale 2023, ndipo pofika Meyi zinasintha maganizo. Kuno kwathu sukulu ingaletse foni pabwalo lake, koma homuweki imalembedwa kunyumba. Njira imene imagwira ndi yakale, ndipo aphunzitsi abwino ankaichita makina asanabwere: kumuimika mwana kuti afotokoze ndi pakamwa zimene walemba, kusintha nambala imodzi n'kumuuza kuti achitenso pabolodi, kulembetsa ndime yoyamba m'kalasi momwemo. M'kalasi ya ana 80 simungafunse onse, koma ana akadziwa kuti tsiku lililonse asanu adzaitanidwa ndipo sadziwa kuti ndani, kukopera kumachepa phindu. Njira ina ndi kuibweretsa chatbot poyera: mphunzitsi alembe pabolodi yankho limene makina apereka, ana afufuze pamene yalakwa poyerekeza ndi buku. Mwana amene wagwirapo makina akunama ngakhale kamodzi amayamba kuwerenga mayankho ake ndi diso lina. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, imene inabweretsa Fomu 1 ndipo ikutsindika zimene mwana angathe kuchita osati zimene waloweza, ikufuna kayesedwe kotereka kale.

Mwa maganizo anga, phindu lofulumira kwambiri la makinawa m'sukulu za boma lili m'manja mwa aphunzitsi, osati a ana. Mphunzitsi amadziwa phunziro lake, choncho angathe kuona bodza. Chatbot ingamuthandize kukonza pulani ya phunziro, kupanga mafunso 20 a mutu umodzi osanjidwa kuyambira osavuta mpaka ovuta, kufewetsa ndime yovuta kuti ana otsalira aimvetse, kapena kupeza njira yachitatu yofotokozera tizigawo ta nambala pamene ziwiri zakanika. Foni imodzi ya mphunzitsi ingafikire ana onse a m'kalasi popanda aliyense wa iwo kugula bandulo. Chofunika n'chakuti chilichonse chiyerekezedwe ndi silabasi ya Curriculum Development Centre, chifukwa makinawa anazolowera masilabasi a ku America ndi ku Britain, ndipo amabweretsa zitsanzo za madola ndi chipale chofewa kwa ana amene amagula ndi makwacha. Komanso maina a ana, malikisi awo ndi nkhani za m'mabanja mwawo zisalembedwe mu chatbot. Zimene mwalemba zimapita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika udindo pa aliyense amene akusunga mbiri ya anthu ena.

Pa za msinkhu, bungwe la UNESCO linatulutsa malangizo ake mu Sepitembala 2023 n'kunena kuti ana osakwana zaka 13 asamagwiritse ntchito zida zimenezi paokha, ndipo malamulo a OpenAI amafunanso zaka 13, ndi chilolezo cha makolo kwa amene sanakwanitse 18. Pafoni yobwerekana m'nyumba palibe amene amafunsa zaka, choncho mlonda ndi kholo. Kholo limene silinapite patali ndi sukulu lisadzione ngati lilibe chochita. Simufunika kudziwa masamu a Giredi 12 kuti muuze mwana kuti, "Tseka foniyo, undifotokozere m'Chinyanja zimene walembazi." Akatha kukufotokozerani mpaka inu mwamvako, ndiye kuti wamvetsa. Akayamba kubwereza mawu a Chingerezi amene sangawamasulire, mwadziwa pamene pali ntchito.

Mu Novembala 2024 Unduna wa Zaumisiri ndi Sayansi, pansi pa nduna Felix Mutati, unakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI, ndipo maphunziro ali m'gulu la magawo amene ikuwayang'ana. Chimene ndikufuna kuona chikutuluka m'ndondomekoyo si milu ya matabuleti ogawidwa pamaso pa makamera. Ndikufuna maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pantchito, m'malo awo a maphunziro a m'zoni, pa mmene makinawa amalakwira ndi mmene angawauzire kuti afunse mwana m'malo momuyankha. Ndikufuna chatbot yomangidwa pa silabasi yathu ndi mapepala a mayeso akale a ECZ, yokana kupereka yankho mwana asanayese, yotha kugwira ntchito pa WhatsApp ndi bandulo yaing'ono, ndiponso yoyesedwa kaye m'sukulu zochepa za ku Kanyama ndi ku Chongwe, ana n'kulemba mayeso opanda foni, zotsatira zake n'kulengezedwa poyera isanafalitsidwe dziko lonse.